Ndalama ya ulumali ndi ngongole: dziwani cimene cili canu

Ngozi sipangana tsiku. Wina agwa pa cigafa ca fodya nathyoka msana. Wina agundidwa ndi galimoto pa msewu wa ku Tete. Mayi wina adwala matenda oumitsa ziwalo, dzanja ndi mwendo n'kuleka kugwira nchito. Pamene onsewa ali m'cipatala, ngongole zawo zimakhala zikudikira kunyumba: ya feteleza ku kampani, ya ku gulu, ya ku sitolo, mwinanso ya katapila.

Nkhani ino ndi ya inu amene mwalumala, kapena amene mukusamala m'bale wolumala, kuno ku Furancungo ndi m'midzi ya Macanga ndi Tsangano. Ikunena za ndalama zimene mungalandire, ndiponso zimene wokongoza ndalama angacite ndi zimene saloledwa kucita. Maina a maofesi ndawasiya m'Cipwitikizi, cifukwa ndi mmene mudzawaonere pa zitseko ndi pa mapepala. Werengani pang'onopang'ono. Gawo limodzi pa tsiku likwanira.

INAS ndi INSS si ofesi imodzi

Anthu ambiri amangoti "ndalama ya boma". Koma maofesi alipo awiri, ndipo maina awo amafanana kwambiri. Yang'anani lemba lacitatu. Mu INAS muli A. Mu INSS muli S. Lemba limodzi lokhalo lingakuyendetseni ulendo wa tsiku lonse kupita ku khomo lolakwika.

Lamulo nambala 4 la caka ca 2007 ndi limene limasiyanitsa ziwirizi. INAS imathandiza banja losowa, ngakhale kuti silinasonkhepo kalikonse. INSS imalipira munthu amene anali kusonkha pamene anali pa nchito.

Tiyambe ndi INAS. Thandizo lake la mwezi ndi mwezi limachedwa Subsídio Social Básico, kapena PSSB. Ndi la okalamba, olumala ndi odwala matenda okhalitsa, amene banja lawo lilibe pogwira. Mu 2018 boma linaika ndalamayi pa mametikali 540 pa mwezi kwa munthu wokhala yekha, ndipo imakwera mpaka 1000 kwa banja la anthu asanu. Ndi yocepa, tonse tikudziwa. Koma ndi yanu, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Poyambira ndi kwa permanente, munthu wa m'mudzi mwanu momwemo amene amagwira nchito ndi INAS, kapena ku ofesi ya distrito yoona za umoyo, amayi ndi cisamaliro ca anthu, SDSMAS. Mudzafunika BI yanu ndi pepala la ku cipatala lonena za ulumali wanu. INAS ilinso ndi thandizo lina, PASD, limene limapereka zinthu monga ndodo zoyendera ndi njinga ya olumala. Funsani zonse ziwiri.

Cimodzi cokha mucidziwiretu. Ndalama ya PSSB nthawi zambiri imacedwa, ndipo ikabwera imabwera ya miyezi ingapo pamodzi. Apa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna. Amakongola n'kunena kuti, "Ndidzabweza ikabwera ya INAS." Ciwongoladzanja cimakula mwezi uliwonse, pamene tsiku lolandira simukulidziwa.

INSS ndi nkhani ina. Ngati munagwirapo nchito pa kampani, kaya ya fodya, kaya ku migodi ya malasha ku Moatize, kaya pa sitolo yolembetsedwa, mwezi uliwonse pamayenera kupita ku INSS mametikali 7 pa 100 alionse a malipiro anu. Atatu amadulidwa kwa inu, anayi amaika ndi bwana. Wodzilemba yekha nchito, monga telala kapena wamalonda, naye angalembetse, koma amasonkha yekha onse 7.

Penshoni ya wolumala ku INSS imachedwa pensão de invalidez. Kuti muilandire, madokotala a Junta de Saúde ayenera kukupimani ndi kulemba kuti simungathenso kugwira nchito monga kale. Muyeneranso kukhala mutasonkha miyezi 30 m'zaka zisanu zomaliza musanalumale. Ndiye musadikire kuti mudwale. Pitani ku INSS ndi nambala yanu, mufunse kuti akuonetseni miyezi imene inalowa. Pali mabwana ena amene amadula atatu aja pa malipiro koma osawapititsa. Ndi bwino kuzidziwa mukadali ndi miyendo yoyendera.

Mukayamba kulandira, caka ciliconse pamakhala prova de vida, kukaonekera kuti mukadali moyo. Mukaphonya, penshoni imaima. Ngati simungathe kuyenda, tumani m'bale akauze a INSS nthawi isanathe.

Aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira nchito m'boma ali ndi ofesi yawo, INPS. Asilikali akale nawonso ali ndi njira yawo. Amenewa asataye nthawi pa mzere wa INSS.

Seguro, ndalama imene si ya boma

Pali mphika wacitatu, ndipo ndi umene anthu amauiwala. Dzina lake ndi seguro. Anzathu a ku Malawi amati inshuwalansi. Amalipira ndi makampani a seguro, monga EMOSE ndi ena.

Lamulo la nchito, limene tsopano ndi nambala 13 la 2023, limalamula bwana aliyense kuti alipirire anchito ake seguro ya ngozi za pa nchito. Tsatanetsatane wake ali mu Decreto 62 ya 2013. Mukavulala pa nchito, seguro imalipira mankhwala ndi cipatala, imakupatsani ndalama pa masiku amene simukugwira nchito, ndipo ngati ulumali ndi wokhalitsa imapereka penshoni kapena cipukuta misozi, molingana ndi kukula kwa ulumaliwo. Bwana amene sanalipire seguro sapulumuka ayi. Amayenera kulipira zonsezi kucokera m'thumba mwake.

Uzani bwana za ngoziyo tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ngati simungathe, mnzanu kapena m'bale anene m'malo mwanu. Sungani kapepala kalikonse ka ku cipatala. Zikavuta, nkhani za ngozi za pa nchito zimapita ku Inspecção do Trabalho ndi ku Procuradoria.

Ndiime pang'ono apa. Pa maphunziro ena a alfabetização, bambo wina anabwera ndi pepala kuti timuwerengere. Anali atadulidwa zala ndi makina. Bwana wake anamupatsa ndalama pang'ono "ya pepani", n'kumudinditsa cala pa pepalalo. Titawerenga, linali kunena kuti walandira zonse ndipo alibenso dandaulo. Iye ankaganiza kuti ndi lisiti wamba. Tinamuuza kuti apite nalo kwa odziwa malamulo, cifukwa pepala lotere silithetsa ufulu nthawi zonse. Koma ulendo wake unatalika cifukwa ca cala cimodzi cimene anadinda. Pepala limene simunaliwerenge, kapena limene munthu wanu sanakuwerengereni, musasaine. Nenani kuti, "Ndilitenge kaye kunyumba." Palibe colakwa pamenepo.

Galimoto iliyonse yoyenda pa msewu imayeneranso kukhala ndi seguro yolipira anthu amene yawavulaza. Mukagundidwa, kapena minibasi ikagubuduzika muli momwemo, wina alembe nambala ya galimotoyo, ndipo nkhani ikalembedwe ku polisi. Popanda pepala la polisi, kampani ya seguro imavuta kulipira.

Nanga mlimi wa fodya? Apa pamafunika kumvetsa bwino. Mukatenga mbewu ndi feteleza pa ngongole ku kampani ya fodya, n'kulonjeza kuti mudzaigulitsa fodya wanu, simunalembedwe nchito. Ndinu mlimi wocita naye malonda. Mukagwa pa cigafa canu, seguro ya anchito a kampani sikukhudzani. Khomo lanu ndi INAS, kapena INSS ngati munalembetsa nokha n'kumasonkha.

Kodi mungalandire kuwiri?

Funso loyamba limene adzakufunsani ndi lakuti, "Munavulala kuti?" Yankho lake ndi limene limasankha mphika. Ngozi ya pa nchito, kapena matenda obwera ndi nchitoyo, ndi za seguro ya bwana. Penshoni ya invalidez ya ku INSS ndi ya matenda kapena ngozi zosacokera ku nchito. Ndiye musanene kuti munagwa kunyumba pamene munagwa pa nchito, ngakhale bwana akupempheni mokoma bwanji. Mawu amenewo akalembedwa ku cipatala, mwatseka nokha khomo la seguro.

INAS imayang'ana banja lonse: kodi muli ndalama ina yolowa? Ngati mwayamba kulandira penshoni ya INSS kapena ya seguro, auzeni. Ndikudziwa kuti mtima umati, "Aa, ndingokhala cete, ndani adziwe?" M'mudzi mulibe cinsinsi. Zikadziwika, angakucotseni pa mndandanda, mwinanso kukuuzani kuti mubweze, ndipo mwapeza ngongole yatsopano pamwamba pa zakale. Nenani zoona ku ofesi iliyonse, ndipo muwasiye iwo anene ngati muyenera kupitiriza.

Gulani kope la masamba ocepa. Tsamba limodzi likhale la ndalama zolowa: tsiku, kumene yacokera, ndalama zingati. Tsamba lina likhale la ngongole: mwini wake, zimene munatenga, zimene mwabweza. Munaphunzira kulemba manambala, eti? Nchito yake ndi imeneyi.

Zimene wokongoza saloledwa kucita

Ngongole ndi ngongole, iyenera kubwezedwa. Ulumali suifafaniza. Koma wokongoza naye ali ndi malire, ndipo ambiri amapezerapo mwayi cifukwa cakuti ife malirewo sitiwadziwa.

Sangabwere yekha kudzanyamula mbuzi, njinga kapena malata a nyumba yanu. Kulanda katundu cifukwa ca ngongole kumachedwa penhora, ndipo ndi khoti lokha limene limalamula. Ngakhale khotilo silitenga zonse. Lamulo limateteza zinthu zimene banja silingakhale popanda izo, monga zofunda ndi ziwiya zophikira. Limatetezanso gawo lalikulu la malipiro ndi la penshoni. Kwa amene akadali pa nchito, zimene bwana amadula pa malipiro cifukwa ca ngongole siziyenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu.

Munda ndiye nkhani yaikulu. M'dziko muno nthaka ndi ya boma. Lamulo la malo, nambala 19 la 1997, limanena kuti nthaka singagulitsidwe, singaikidwe cikole, ndipo singalandidwe cifukwa ca ngongole. Inu muli ndi ufulu woigwiritsa nchito, umene umachedwa DUAT, ndipo amene akulima malo a makolo ake mwa mwambo ali nawo ufuluwo ngakhale alibe pepala. Wina akati, "Ulephera kubweza, dimba lako la mbatatesi ndi langa," akunena zimene lamulo silimupatsa. Komabe ndisakunamizeni: zokolola, ng'ombe, ngolo ndi njinga yamoto si nthaka. Zimenezi khoti lingazilande, makamaka ngati munaziika nokha cikole.

Sangakutsekereninso m'ndende cifukwa cakuti mwalephera kubweza. Kulephera kubweza si mlandu wa polisi. Mlandu umakhalapo ngati munanama dala kuti mutenge ndalamayo.

Tsopano nkhani ya khadi. Izi ndimazinena m'kalasi iliyonse, ndipo sinditopa nazo. Okongoza ena amati, "Siyani khadi lanu la ku banki ndi nambala yacinsinsi, ndizidzitengera ndekha." Ena amasunga BI, ena khadi la INAS, ena SIM ya M-Pesa kapena e-Mola. Mukapereka, citetezo conse cimene ndachula pamwambapa catha. Khoti likanakusiyirani gawo lalikulu la penshoni. Wa katapila sasiya kanthu, ndipo simudziwa n'komwe kuti watenga zingati. Ngati munapereka kale khadi la ku banki, pitani ku bankiko ndi cikalata cokudziwitsani, mukalitseketse n'kupempha lina. Ngongoleyo muzikabweza ndi manja anu, pamaso pa mboni, ndipo muzilemba m'kope.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwakongola 2000 kwa katapila, ndipo akuti pakutha pa mwezi mubweze 3000. Ciwongoladzanja ndi 1000 pa mwezi. Inu mumalandira 540. Ngakhale mupereke yonse, osagula mcere kapena sopo, patsala 460 ya ciwongoladzanja cokha, ndipo 2000 ija simunaikhudze. Mwezi wotsatira yakula. Ngongole yotere simungaimalize ndi ndalama ya INAS, ngakhale mutalandira zaka khumi.

Dziwaninso kuti kukongoza ndalama ndi ciwongoladzanja ngati bizinesi, popanda cilolezo, ndi mlandu m'dziko muno. Pa Cipwitikizi amati agiotagem. Amene ali ndi cilolezo amalembetsa ku Banco de Moçambique. N'cifukwa cake wa katapila amakonda kuopseza pakhomo, koma ku khoti safuna kupitako.

Kukambirana ndi amene muli nawo ngongole

Musabisale. Wokongoza amene simukumuyankha amaganiza kuti mwathawa, ndipo amauma mtima. Pitani msanga, kapena tumani munthu wodalirika ndi pepala la ku cipatala.

Ku banki kapena ku bungwe la microcrédito, coyamba funsani kuti, "Kodi ngongole yanga ili ndi seguro?" Ngongole zina zimakhala ndi seguro imene munali kulipira pamodzi ndi ngongoleyo osazindikira, ndipo imamaliza zotsala mwini wake akamwalira kapena akalumala kotheratu. Yang'anani mawu akuti seguro ndi invalidez pa kontrato yanu. Ngati palibe, pemphani kuti akucepetsereni ya pa mwezi ndi kutalikitsa nthawi. Zimene mwagwirizana zilembedwe. Ngongole ya ku banki yosalipidwa imalembedwa m'kaundula wa Banco de Moçambique, ndipo mabanki ena amaiona. Banki ikakucitirani zosayenera, dandaulo limapita ku Banco de Moçambique komweko.

Kumbukiraninso fiador, munthu amene anakusainirani. Inu mukalephera, amagwidwa ndi iye. Muuzeni nokha asanamve kwa ena.

Ku kampani ya fodya, uzani mlangizi wa dera lanu nyengo yogulitsa isanafike. Ngongole ya feteleza imadulidwa pa fodya, ndiye funso lenileni ndi lakuti ndani asamale munda pamene inu muli gone. Acibale akagwirizana kumaliza nyengoyo, ngongole imatha ndi fodya yemweyo. Kugulitsa fodya kumbali, kwa ogula ena, n'kuswa kontrato, ndipo kumangowonjezera mavuto.

Gulu la m'mudzi losunga ndi kukongoza ndalama, kapena la xitique, ndi la anansi anu. Malamulo ake munapanga nokha, ndipo magulu ambiri ali ndi kathumba ka zadzidzidzi. Pitani pa msonkhano mukanene poyera. Zikakanika, pali amfumu ndi tribunal comunitário, amene nchito yawo ndi kuyanjanitsa anthu.

Ngongole zikaculuka, muyambe ndi iti? Maganizo anga ndi awa. Patulani kaye ya cakudya, ya mankhwala, ndi ya ulendo wopita ku Junta kapena ku INSS, cifukwa ulendo umenewo ndi umene ubweretse ndalama ya mawa. Zotsala ndi zimene mugawire okongoza, kuyamba ndi ngongole imene ili ndi cikole kapena fiador. Amene akufuula kwambiri pakhomo si ndiye woyamba. Ndipo musakongole kwina kuti mutseke kwina.

Insolvência

Mawu awa mumawamva pa wailesi kampani ikagwa. Ena amati falência. Tanthauzo lake ndi lakuti ngongole zaposa cuma, ndipo khoti lalowererapo kuti ligulitse katundu ndi kugawira okongoza mwa dongosolo, kapena lipatse bizinesiyo mpata woti idzuke. Lamulo lake ndi Decreto-Lei nambala 1 ya 2013, ndipo linalembedwa poganizira kwambiri amalonda ndi makampani. Limafuna khoti, loya ndi nthawi. Kwa mlimi amene ali ndi ngongole ya feteleza ndi ya ku gulu, kukambirana n'kwacangu ndiponso n'kochipa. Ngati muli ndi sitolo, cigayo kapena galimoto ya malonda, ndipo ngongole za ku banki zakukulirani, pamenepo funsani odziwa malamulo musanagulitse kapena kusamutsa katundu aliyense. Kubisa katundu kwa acibale pofuna kuthawa okongoza kungakubweretsereni mlandu.

Koma insolvência imakukhudzani kwambiri pamene yagwa ndi kampani imene munali kugwirako nchito. Musataye mtima. Miyezi imene inalowa kale ku INSS ndi yanu, siigwa ndi kampani. Ngati ngozi inacitika seguro ili yolipiridwa, amene ali ndi udindo wokulipirani ndi kampani ya seguro, ngakhale bwana watseka zitseko. Ndipo pogawa katundu wa kampani yakugwa, ndalama za anchito ndi za ngozi za pa nchito zimaikidwa patsogolo. Kungoti muyenera kukalembetsa dandaulo lanu msanga, cifukwa khoti limaika masiku.

Mawu amodzi kwa osamala wodwala. Munthu akamwalira, ngongole zake zimalipidwa kucokera pa katundu amene wasiya. Ana sayenera kugulitsa zawozawo kuti alipire, pokhapokha ngati anasaina monga fiador.

Kumene mungapeze thandizo

Boma lili ndi ofesi yopereka uphungu wa malamulo kwaulere kwa anthu osowa. Dzina lake ndi IPAJ. Funsani ku khoti la distrito kapena ku ofesi ya administrador kuti akulozereni. Angakufunseni pepala losonyeza kuti ndinu osowa, atestado de pobreza, limene limayambira kwa atsogoleri a m'dera lanu. Palinso mabungwe a anthu olumala eni ake, monga ADEMO ndi FAMOD, amene amadziwa makomo amenewa cifukwa anagogodapo kale.

Popita, tengani BI, mapepala onse a ku cipatala, nambala ya INSS ngati muli nayo, kontrato ya nchito kapena ya ngongole, malisiti, ndi kope lanu lija. Mapepala enieni musawasiye pa ofesi. Siyani fotokopiya, ndipo amene walandira akulembereni tsiku ndi dzina lake pa tsamba la m'kope lanu.